Purosesa Yatsopano ndi Makina Akale a Amayi

Lachinayi, 9 Meyi

Okondedwa Achimwene,

Ndisanafunse za moyo wanu, pali zoti tigwirizane kaye. Musawaimbire Amayi mpaka mutawerenga kalata yonseyi, musawauze alamu anga, ndipo yesani kukumbukira kumene munasunga bolodi ija, kathabwa kolumikiza zipangizo zonse za m'kati, imene inatsala pomwe munkamanga kompyuta ya Amayi.

Mukudziwa kuti kompyutayo ndiyo imayendetsa makina awo osokera mabaji a yunifolomu. Masiku ano imachedwa moti akaiyatsa amasesa chipinda chonse isanadzuke. Ndiye ndinawagulira purosesa ya m'badwo watsopano, ubongo wake wa kompyuta. Ndinafufuza ndithu, mukundidziwa. Ndinayeza kukula kwake, ndinayerekeza zithunzi za soketi momwe imakhala, zonse n'kufanana ndendende. Chimene sindinaone n'chakuti purosesa yatsopano ikhoza kukwana bwinobwino pamalo pake koma osamvana ndi bolodi yakale.

Nditayatsa, fani yoziziritsira inazungulira koma sikirini inangoti bii. Pochotsa purosesayo ndinaikoka mopupuluma, timapini ta m'soketi ya pa bolodi n'kupindika. Pano ngakhale nditabwezeramo purosesa yakale, kompyuta sikudzuka, n'chifukwa chake ndikufuna bolodi yotsala ija.

Mwina mukuti ndingogula bolodi yatsopano. Ndaganizira zimenezo mpaka mutu kuwawa. Bolodi yatsopano ifuna memore yatsopano, kachipangizo kokumbukira zinthu kaja, komanso ilibe polowetsa waya wonenepa uja wochokera ku makina osokera. Pulogalamu ya mabaji nayo imangomvera zakale. Ukasintha chimodzi, chinzake chimakana.

Amayi ndinawauza kuti ndikungoipukuta fumbi. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kufunsa ngati fumbi la masiku ano limafuna digiri. Kenaka anati, "Ine ndi makinawa takalamba limodzi, mwanawe. Timachedwa, koma timafika."

Sukulu imene inawapatsa ntchito ikufuna mabaji isanatsegulire, ndipo ikapanda kuwalandira ipita kwina. Dzulo ndinawapeza atakhala pafupi ndi zenera, singano m'manja, akusoka baji yoyamba pamanja. Anangondipempha kuti ndiwalowetsere ulusi.

Moni kwa alamu ndi ana. Amayi akuperekanso moni, akuti ndikuuzeni kuti kompyuta munawamangira ija ili bwino, musade nkhawa. Za bolodiyo chonde yankhani msanga, maso awo asanatope.

Ine mng'ono wanu,
wankhawa uja