Nyumba yanga pa pepala la kampani

Lachitatu, Julayi 2008. Kunja kwazizira, koma mtima wanga ukuwira.

Anandiuza zimene zandikwiyitsazi ndi Fanuel, mwana wa mlongo wanga, kalaliki wa ku ofesi ya esiteti ya tiyi ino. Dzulo anabwera ndi pepala la kampani lija amati balansi shiti. Akuti lili ndi mbali ziwiri zoyenera kulemera mofanana ngati sikelo: kumanzere katundu wa kampani, kumanja ngongole zake ndi gawo la eni ake.

Ndinafunsa, "Penshoni yanga ili pati?" Anandilozera pa ngongole. Ndalama yake lero siigula ngakhale buledi.

"Nanga nyumba ino?"

"Ili kumanzere, Sekuru," anatero, ponditchula malume m'chiyankhulo cha kuno. "Koma chaka chilichonse timaitsitsa mtengo poti ikukalamba. Pano yafika pa ziro."

Ndinaseka. "Ngati ndi ya ziro, andisiyire! Denga ndinakhoma ndekha, mapeyala kuseriku ndinadzala ndine."

"Zvakaoma, n'zovuta, Sekuru. Ziroyo ndi ya kampanibe. Wopuma ntchito amatuluka."

Mwana ndinamuphunzitsa sukulu ndi thukuta lothyola tiyi, lero akundiwerengera ine! Zaka zonsezi sikelo ya kapitawo inkandibera masamba, ya papepalayi ndiyo ingandikomere mtima? Akufuna ndipite kuti? Ku Mulanje ndinachoka ndili mnyamata kubwera kudziko la eni lino, kulibenso wondidziwa.

Lero m'mawa wabweranso ndi kalata yoti ndituluke pakutha kwa mwezi. Anaima pakhomo, osalowa. Ndinaitana amayi ake, ndinamuuza Fanuel aiwerenge mokweza iwo akumva. Anafika pa dzina langa, mawu n'kumuthera, ndipo ine sindinamuthandize...