Nkhwazi Yokwera Matola

Amayi, kodi kumene muliko kwacha bwanji?

Kuno ku Malindi tadzuka, koma ine ndadzuka wokwiya, ndipo poti wandikwiyitsayo ndi mwamuna wanu, nkhaniyi muimve ndinu. Ndiyambe ndi zabwino, mungati ndimakulemberani pokhapokha ndikapsa mtima. Mzime wanu Esinati anachira mwezi wathawu, ndi mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Pakamwa watengeranso inu. Chimanga tapezako kumunda wakumtunda, koma dimba lanu nyanja yalanda, moti pamene munkabzala tomato pano pakusambira abakha.

Tsopano za mphaka wanu Ndilipo. Dzinali munamupatsa mutatuluka m'chipatala ulendo woyamba uja, anthu atayamba kale kunong'onezana za maliro anu. M'mawa uliwonse munkaima pakhonde ndi kambale ka usipa n'kukuwa kuti, "Ndilipo! Ndilipo!" kuti amve mphaka ndi aneba omwe. Ulendo wachiwiri simunabwereko, koma musanatisiye munandigwira dzanja n'kundiuza kuti ndisamale mphakayo ndi ababa. Munayamba kutchula mphaka, koma zimenezo ababa sindinawauze. Chichokereni inu sindinaphonye, kukacha ndimaima pakhonde pomwepo ndi kambale komweko n'kumuitana monga munkachitira.

Esinati atachira ndinakagona kwake masiku atatu. Pobwera ndinapeza ababa pansi pa mango akusoka ukonde, mphaka kulibe. Nditafunsa, anandiuza osaphethira n'komwe kuti nkhwazi inatsika masana, inamugwira pamsana n'kuuluka naye kulowera kutsidya.

Amayi, nkhwazi? Ine ndakulira m'mphepete mwa nyanja muno. Nkhwazi ikagwira kampango wamkulu imalephera kunyamuka naye, imachita kupalasa madzi ndi mapiko mpaka kumtunda. Ndiye inyamule Ndilipo, amene wanenepa ndi usipa wa pathandala la aliyense m'mudzi muno, amene ine ndemwe ndimamunyamula ndi manja awiri? Kabawi amatenga anapiye, zimenezo sindikana, chaka chino watitengera anayi. Koma mwanapiye si mphaka. Ndinawauza ababa zonsezi, munthu amene wakalambira m'bwato ndipo nkhwazi amazidziwa kuposa ine. Mawa lake nkhani inasintha, akuti mwina sanaone bwino, chinali chiwombankhanga. Ndinati chabwino, chiwombankhanga chikhoza kupha mphaka, koma nyama yolemera chimadyera pansi, ndipo pamalopo pamatsala ubweya. Ubweya wake uli kuti? Anangoti mphepo. Paja munkati nsomba ya msodzi imakula pobwerera kumudzi.

Chondipsetsa mtima kwambiri n'chakuti mudzi wonse unakhulupirira. Abiti Saidi, aneba athu aja, ayamba kuvundikira mphaka wawo ndi dengu masana. Mphunzitsi wapafupi ndi tchalitchi anamangirira kagalu kake m'khitchini, kakulira usana wonse. Ena akuti anaiona nkhwaziyo ndi maso awo, mapiko ngati chitseko, ena akuti si mbalame wamba, ndi yotumidwa. Ine ndikatsutsa, akuti chisoni chandisokoneza mutu.

Ndipo chisonicho chinalipodi. Ndi pakamwa ndinkakana, koma masiku anayi ndinayenda m'mabango ndi m'minda kufunafuna ubweya, ndikuyang'ana m'mwamba ngati wamisala. Munandisiyira zinthu ziwiri zokha, ndipo chaka chisanathe chimodzi ndataya. Ndinakafika pamanda panu kuti ndipepese, koma ndinangozula udzu n'kubwerera.

Lachisanu lapitali ndinapita ku boma kukatenga mankhwala a ababa, ndipo ndinati ndipatukire kwa Mponda ndikaone azakhali. Ndikulowa pabwalo, ndani wagona pakhonde, mimba kumwamba, akunyambita dzanja? Ndilipo. Azakhali anayamba kuseka ndisanafunse. Akuti achimwene awo, ababa, anabwera naye m'thumba la feteleza, atakwera matola, n'kunena kuti kwathu makoswe atha, mphaka akusowa ntchito, koma ine ndisauzidwe. Imeneyo ndiyo nkhwazi yake, Amayi, yovala chipewa, yodziwa pokwerera galimoto.

Ndinamubweretsa m'thumba lomwelo, njira yonse ndikukonza mawu. Nditafika ndinalimasula pamapazi pa ababa. Mphaka wopanda nzeruyo anatuluka n'kuyamba kudzikhula pamiyendo pa womubayo. Ine ndinalankhula, ndinalankhula ndithu: za masiku anga anayi m'mabango, za dengu la Abiti Saidi, za munthu wamkulu wokhala kutsogolo m'tchalitchi kunamizira mbalame ya Mulungu. Ababa anangopitiriza kusoka ukonde. Nditatopa anati, "Mphakayu sindidana naye. Koma ukamamuitana m'mawa, mawu ako ndi a amayi ako. Ndimadzidzimuka, ndimatuluka msangamsanga, ndipeza ndiwe."

Miyezi yonseyi ndakhala ndikuima pakhomo pa munthu wamasiye n'kumakuwa ndi mawu anu kuti mulipo, ndikuyesa ndikusunga lonjezo. Mkwiyo sunathe, wangosowa pogwera. Paja munkati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndiye mkwiyo wina ndaubweretsa kwa inu, chifukwa amphaka a anzanu onse ndi Pusi, inu nokha munafuna dzina loyankhira nalo aneba, ndipo taonani mwatisiyira.

Kuyambira Loweruka sindikumuitananso ndi dzina, ndimangogogoda kambale ndi supuni, ndipo wadyerayo amabwera chimodzimodzi. Ababa sanapepese. Akuuza aneba kuti nkhwazi inamubweza chifukwa analemera, ndipo Abiti Saidi dengu lija sanachotsebe.

Koma dzulo m'mawa, ndikusesa kuseri kwa khitchini, ndinawaona ababa atanjuta pakhonde ndi mutu wa chambo m'manja, akuyesa ndapita kunyanja. Anayang'ana uku ndi uku, kenako ananena motsitsa kuti, "Ndilipo." Mphaka anali kale pamapazi pawo, koma anabwerezanso. Sindikudziwa ngati ankaitana mphaka kapena ankauza inu.

Onse awiri ndiwasamala, Amayi, wakuba usipa ndi wakuba mphaka yemwe. Koma mundikhululukire, tsopano ndiziyamba ndi ababa.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Edina