Tikufuna Malovu Ako, Tano

Ingham, Okutobala

Wokondedwa mlongo wanga Tano,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza wamphamvu kumgodiko, pamodzi ndi mlamu wanga Shona ndi ana. Kuno amayi akudzuka ndithu, mawondo okha ndiwo avuta. Nzimbe zikudulidwa, koma mlamu wako Renzo ali yekha kumunda chifukwa ine ndikugonera kuchipatala. Ndalemba kalata poti foni yanga sukuyankha, chikhalirecho ndikudziwa kuti ukuiona.

Mwana wanga Tahlia wagonekedwanso. Loweruka tinali kuphwando la ubatizo, ndipo anangodya kasoseji kamodzi, basi. Pobwerera anati ndiimitse galimoto. Anagwada m'mbali mwa msewu akusanza, dzanja lili kumsana, akuti ululu ukuboola mpaka kuseri. Tano, ndinaona bambo. Magwadidwe ake omwe aja.

Ndi kapamba, watupanso. Pakamwa sipakulowa kanthu, akungokhalira madzi a m'mitsempha. Mtsikana uja ankanyamula yekha thumba la feteleza, lero mphete ya chitomero ikuvuka yokha pachala.

Adokotala anamufunsa ngati amamwa mowa. Anakana. Ananditulutsa panja n'kumufunsanso, anakanabe. Tsiku lomwelo kunabwera mayi Zanetti, amake a Dario amene akufuna kumukwatira, maluwa ali m'manja. Ndinawamva pakhonde akutchula bambo athu, akuuza mnzawo kuti, "Mdzukulu wa Sarino ameneyu, ndiye mukudabwa chiyani? Botolo silisochera." Renzo ndinachita kumugwira malaya. Dario yemwe anali kubwera tsiku ndi tsiku, chiyambireni sabata ino sanaponde kuno.

Kenaka kunabwera a Dokotala Lam, mayi wa kafukufuku wochokera ku Brisbane. Iwowa sanafunse za mowa. Anafunsa za makolo, amene anadwalapo m'mimba ndi momwe anafera. Anatenga magazi a Tahlia, ndipo atabwerako anatikhazika pansi, ine ndi amayi.

Anati m'thupi muli chinthu chotchedwa keratini, chomwe chimapanga tsitsi ndi zikhadabo. Amayi anawadula mawu. "Ndiye mukuti mdzukulu wanga akudwala tsitsi? Tsitsi lonselija, loti limatseka paipi ya kubafa?" Adokotala anaseka, n'kunena kuti ulipo mtundu wina wa m'kati, wokhala ngati timitengo tochirikiza maselo a kapamba ndi chiwindi. Kapangidwe kake munthu amatengera kwa makolo, ndipo ka Tahlia kasiyana pang'ono ndi ka anthu ambiri.

Sanatilonjeze kanthu, Tano, ndisakunamize. Anati alipo anthu ambiri obadwa choncho amene amakalamba osadwala, ndiponso anzawo ena anafufuza osapeza kugwirizana kulikonse. Mwina ndi chimenechi, mwina zangokumana. Kuti aone, akufuna malovu a abale onse, odwala ndi osadwala omwe.

Amayi anayamba ndiwo. Anavula mano awo oikirira n'kuwaika pathebulo pamaso pa adokotala, akuti asasokoneze sayansi. Ine ndinatsatira.

Zotsatira zabwera dzana. Ine ndili nacho, ngakhale sindinadwalepo. Amayi alibe. Adokotala sanachite kutchula kumene chinachokera, tonse tinadziwa.

Amayi anaika chikwama pamiyendo. Kenaka anati, "Botolo lija ndinalisaka paliponse, Nerina. M'shedi, m'thanki, mpaka pansi pa mpando wa thirakitala. Sindinalipeze. Ndinkangoti amabisa bwino." Ukukumbukira kuti amayi anasamutsira bambo kuchipinda cha kuseri, ndipo bambo anafera komweko akulumbira kuti kupatula kavinyo ka pa Khirisimasi sakhudza kanthu. Amayi sanadye chiyambireni dzana.

Sindikukuimba mlandu kuti unakana kunyamula bokosi lawo. Unali mwana, ndipo tonse tinakhulupirira zomwezo. Ngakhale a Dokotala Lam sakunena kuti bambo sankamwa. Akuti zimenezo palibe angazidziwenso.

Tsopano mvetsera, ndipo usamukalipire Shona. Wandiimbira akulira. Akuti chaka chino anzako anakutsitsa m'galimoto la miyala uli chipindire, ndipo mabwana unawauza kuti ndi zilonda za m'mimba. Akuti umagona chogwada, pilo ali pamimba, ndipo kuchipatala ukukana poopa kuti akuchotsa pachiwongolero. Ati atakuuza za Tahlia unangoti, "Za akazi a ku Ingham zimenezo," n'kutuluka panja.

Iwe Tano, iwe amene sunalawepo mowa chiikireni bambo m'manda! Ukuganiza kuti chikukupinda n'chiyani?

M'phukusili muli kabotolo kochokera kwa adokotala. Lavuliramo, utseke, utumize. Adiresi analemba kale. Akuti zotsatira sapatsa bwana wa munthu, ndinafunsa kawiri. Koma chachikulu si kabotoloko. Pita kwa dokotala wa kumeneko ukatchule kapamba ndi pakamwa pako, uwauze za bambo ndi za Tahlia. Ululu ukadzakugwira uli pansi pa mgodi, Shona ndi ana adzatsala ndi yani? Ntchito ipezeka ina.

Mawa Tahlia akukamujambula kuti aone ngati mbali ina ya kapamba yafa. Ikakhala yafa, amuchita opaleshoni. M'mawa uno, ndikumupukuta milomo, wandifunsa ngati malume ake Tano akudziwa. Ndati akudziwa. Wati, "Nanga iwonso akuti ndimamwa?" Muimbire, ngakhale usandilankhule ine.

Amayi akuti ndikuuze kuti usavutike ndi mphatso. Akuti bwera udzawagwire mkono mpaka kumanda a bambo, ali ndi mawu okauza amuna awo, ndipo sangakawanene iwe palibe.

Undiperekere moni kwa Shona, umuuze kuti wachita bwino. Upsompsone Kiara ndi Enzo m'malo mwanga. Mulungu akusunge pansi pamenepo, akutulutse wamoyo tsiku lililonse, ndipo akufewetse mutu wakowo, umene tonse tikudziwa kumene unautenga.

Ndine mlongo wako,
Nerina