Makiyi ali m'ndowa ya ufa

Amayi,

Kaya kukucha bwanji uko munapitako. Kuno sikukucha bwino, ndipo mlandu ndikuuika pa mwana wanu Lufeyo. Miyezi isanu yatha osandiyimbira foni ngakhale kamodzi. Munthu amene munamusiyira unkhoswe wa banja langa a malume a Jemusi atamwalira, wangokhala phee ku Loughborough ngati alibe mlongo. Ndayamba ndi zimenezi kuti mukatopa ndi zilembo zanga zokhotakhotazi, chachikulu mukhale mutachimva.

Zabwino ziliponso, ndisakumaneni. Mdzukulu wanu Tiyamike, namwino uja, anachira bwinobwino chaka chatha, mwana wamkazi, ndipo tinamutcha dzina lanu, Malita. Mphuno ndi yanu, ukalinso ndi wanu. Chiliza chanu tinamanga, a kumudzi akuti mvula sinaching'ambe. Munda wanu akulima ana a mng'ono wanga Esitere. Chimanga akuti chinachita bwino, koma mtedza unapsa ndi dzuwa.

Tsopano imvani kumene ndikulembera. Sindili m'nyumba, ndili m'galimoto.

Mkamwini wanu, bambo a Tiyamike, mukudziwa kuti moyo wawo wonse ndi chiwongolero. Malole a ku Beira ndi ku Tete aja, kenako titabwera kuno zaka makumi awiri akunyamula katundu wa m'masitolo. Atapuma ntchito anafika tsiku lina ndi chigalimoto choyera, nkuchiyimika pakhomo pathu ku Spinney Hill, mumzinda wa Leicester, kamsewu konse kutsekeka. Mkati muli bedi, mbaula ya gasi, kafiriji, ngakhale chimbudzi, Amayi, mapazi awiri kuchokera pophikira. Anati, "Anachisale, ndanyamula katundu wa eni zaka zonsezi. Tsopano ndinyamule inu, mukaone kumene dziko lino layambira ndi kumene lathera."

Nyumba ya lendi tinaibweza kwa mwini wake, katundu tinakasunga kwa Tiyamike. Kadimba kanga kaja ndinkadzalamo nkhwani ndi mpiru ndinakasiyira mayi wina wa ku Zambia. Inu munkati nyumba ndi ya mkazi, mwamuna amangobwera ndi kachikwama. Ine ndinalowa m'nyumba imene mwamuna amaidzutsa ndi kiyi. Koma ndinalowa ndi mtima wanga wonse, palibe anandikankha.

Tsiku lotsanzikana, a kumpingo atadzaza kwa Tiyamike, Lufeyo anayimirira mbale ili m'manja. Anati, "Achemwali, alamu anga sali bwino. Dzana andifunsa kawiri dzina la mkazi wanga. Musanyamuke asanawaone adokotala." Pamaso pa anthu, Amayi, pamaso pa ana. Nkhoswe yanji yoyankhulira pagulu ngati ikugulitsa kaunjika? Bambo a Tiyamike anangoweramitsa mutu. Ine ndinapsa mtima. Ndinati, "Iwe Lufeyo, ndinakubereka kumbuyo kuno ukundikodzera. Usandiphunzitse mwamuna wanga. Tsiku limene ndidzakuyimbire kukupempha kanthu, udzandidule chala ichi." Anayika mbale pansi, kutenga jekete, ulendo. Tiyamike anandikokera kukhitchini kundifunsa, ine ndinamuuza kuti malume ake yawapweteka ndi nsanje ya galimoto.

Miyezi yoyamba inali yokoma, ndisabise. Tinatsika kumwera mpaka ku Cornwall, kumene mtunda umathera pamatanthwe kenako madzi okhaokha. Timagona m'misasa ya magalimoto oterewa. Ndi bwalo lalikulu la kapinga, aliyense ndi kachigawo kake, mpopi wa madzi ndi kachipilala kolumikizapo magetsi. Azungu amene m'tauni sayankha moni, akafika pamsasa amasanduka anthu. Amakhala pamipando panja, amakufunsa kumene wachokera, amakubwereka chitoliro cha madzi. Ine m'mawa uliwonse ndimasesa pakhomo pa galimoto ndi tsache langa la ku Dedza, iwo nkumandijambula. Ndinawaleka ajambule. Pakhomo posasesa sindingamwerepo tiyi.

Chinthu chimodzi ndinakanitsitsa, chibokosi cha kuchimbudzi. Chimasololedwa chakunja ngati dirowa, munthu nkumachikoka pa timatayala, kudutsa anthu akudya, kukataya kudzenje lake. Ndinati ine ndine mwana wa Malita, zimenezo ayi. Bambo ankachikoka okha akuyimba mluzu, akandidutsa nkumati, "Patukani, katundu wa abwana akudutsa." Tinaseka m'miyezi imeneyo kuposa zaka zonse za ku Leicester.

Zinayamba pang'onopang'ono. Pa raundabauti ina pafupi ndi Bristol tinazungulira kanayi, iwo akuti msewu wa ku Zobue ausuntha. Ndinaseka, ndimayesa nthabwala. Ine zikwangwani za Chingerezi zikamathamanga sindizitha. Mukudziwa m'kalasi sindinapondemo, ndinali pantchito yolera Lufeyo yemweyo. Zilembo izi anandiphunzitsa ndi bambo omwewa pa mapepala a simenti titangokwatirana. Ndiye pamsewu maso ndi awo, mutu ndi wawo, ine ndine katundu.

Tsiku lina ndikuchokera kosamba ndinapeza malo athu ali mbee, chingwe cha magetsi chitaduka chili pakapinga ngati njoka yophedwa. Ndinathamanga chitenje chili m'manja. Ndinawapeza pageti akupereka mapasipoti athu kwa mwini msasa kuti adinde, tiwoloke malire dzuwa lisanalowe. Ndinamuuza mzunguyo ndi Chingerezi changa chothyokathyoka kuti ndi maseweredwe a kwathu. Anaseka, nanenso ndinaseka. Kuyambira tsiku limenelo sindisamba iwo asanagone tulo ta masana, ndipo chibokosi chija ndimakoka ndekha, chifukwa akapita nacho sadziwa pobwerera.

Chachikulu chinachitika masabata atatu apitawa, tikukwera kumpoto kuti tikafike ku Scotland. Tinali pa msewu waukulu wa mizere itatu, malole uku ndi uku. Mwadzidzidzi anaponda buleki pakatikati pa msewu, galimoto nji. Miphika yonse kugwa, makapu kusweka. Anati, "Ng'ombe zidutse kaye." Kunalibe ng'ombe, Amayi. Malole anali kulira mahutala, lina linatikwapula galasi la m'mbali nkuliulutsa. Ndinawagwira bondo, ndinati, "Zadutsa, bambo, zadutsa zonse, tiyeni." Anayenda. Pamphambano yoyamba ndinawauza kuti ndadwala m'mimba, tipatuke. Kenako ndinkangofuna zikwangwani zokhala ndi chithunzi cha tenti, poti chithunzi ndimachiwerenga. Ndi mmene tinafikira pamsasa uno, m'mapiri pafupi ndi Matlock, kwa nkhosa ndi mipanda ya miyala. Atazimitsa injini anandiyang'ana nati, "Anachisale, mwatani? Mwamva kuzizira?" Sanakumbuke kalikonse.

Tsiku lomwelo ndinatenga makiyi onse awiri oyatsira injini, kuwakulunga m'kajumbo, nkuwakwirira pansi m'ndowa ya ufa. Munandiphunzitsa ndinu kuti mwamuna waulemu sapisa dzanja mu ufa wa mkazi wake, ndipo ndi momwe munkabisa mpeni wa atate akabwera ataledzera. Zambiri aiwala mkamwini wanu, koma mwambo umenewo sanaiwale. Asanthula pansi pa mipando, m'nsapato, m'firiji, ang'amba ndi matumba a jekete omwe. Ndowa amangoilambalala.

M'mawa uliwonse amavala chipewa nkuyamba kukwawa pakapinga wonyowa, munthu wa imvi mbuu, maondo ake owawa aja. Pali mayi wina wachizungu woyandikana nafe, dzina lake Brenda, wamasiye, amayenda yekha ndi galu. Amabwera kudzafunafuna nawo, amanunkhitsa galuyo magolovesi a bambo. Nanenso ndimawerama nkumafunafuna nawo, ndikudziwa kumene ali. Dzulo anatopa, anakhala pa sitepe nati, "Ndakuchititsani manyazi, Anachisale. Ndinakulonjezani Scotland, ndakutayani kwa nkhosa." Nthawi imeneyo nkuti ine ndikutapa ufa pamwamba pa makiyi omwewo. Chikwatirane sindinawanamizepo bambo amenewa. Lero ndimawanamiza kukacha, ndimawanamizanso kukada.

Mundifunsa kuti bwanji osauza Tiyamike. Amayimba pa vidiyo tsiku ndi tsiku, ine ndimamuonetsa nkhosa ndi mapiri. Amati, "Adadi ali okei, amama? Mundipatse ndiwaone." Ndimati agona. Mwana saweruza bambo ake, Amayi, ndipo salanda bambo ake makiyi. Komanso ndikudziwa chimene angachite, poti ndiyo ntchito yake. Ayimba mafoni, abwera anthu onyamula mafayilo, alanda laisensi, mapeto ake nyumba ya okalamba. Ndinakolopa m'nyumba zoterezo zaka khumi ndi ziwiri. Ndinaona amuna akuluakulu akusambitsidwa ndi anthu osadziwa ngakhale chiwongo chawo, akuwayitana dzina loyamba ngati ana a mkaka.

Nkhani iyi ndi ya ankhoswe. Mlamu wawo Lufeyo ndiye angakhale pansi ndi bambo, amuna okhaokha, nkuwauza kuti za chiwongolero zatha. Akatero ndiye ayitane Tiyamike mwa dongosolo, za adokotala zibwere pambuyo. Akamva kwa Lufeyo akwiya, mwina atukwana, koma ulemu wawo utsala. Akamva kwa mwana wawo wamkazi, ndiye kuti tawayika m'manda akupuma.

Nthawi yandithera. Mwini msasa wamata pepala pakhomo la bafa, Brenda wandimasulira. Lamulungu likudzali msasa utsekedwa mpaka nyengo yozizira itatha, madzi ndi magetsi adula. Magalimoto tatsala anayi, mawa awiri anyamuka. Masamba onse agwa, m'mawa mpopi umakhala utauma ndi chisanu. Ine sinditha kuyendetsa ngakhale njinga. Ndikafukula makiyi nkuwapatsa, tikafera pamsewu, tikaphanso ana a eni. Ndikapanda kuwapatsa, sindikudziwa Lolemba litipeza pati. Brenda akuti Leicester ili pafupi, ola limodzi ndi theka. Kuyandikira kwake kundithandiza chiyani, kulibe khomo langa kumeneko.

Ndikukumvani mukunena kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ndamva. Foni ndaigwira kangapo, dzina lake ndimaliona, koma chala chomwe ndinalumbirira chija chimakana. Ananena zoona Lufeyo, zimenezo ndikuvomera kwa inu nokha. Koma ananena moipa, ndipo wamkulu ndine. Akanakhala nkhoswe yeniyeni akanandiyimbira yekha, ngakhale kungonditukwana, ine ndikanapezerapo poyambira. Inu munkamulekerera kwambiri mwana ameneyu, ndicho chake sadziwa kuti mlongo akakuthamangitsa ndi pakamwa umabwereranso mawa.

Ndiye ndalembera inu. Adiresi yanu sindiidziwa, choncho Brenda walemba pa envelopu ya ku Loughborough, poti chithunzi chanu chachikulu chija chili pakhoma kwa Lufeyo. Akatsegula kalata ya eni, ndi khalidwe lake, ankatero kuyambira ali wamng'ono. Ine sindinamulembere ndipo sindinamupemphe kanthu.

Kwa inu ndikulonjeza ziwiri. Mkamwini wanu sindimupereka kwa alendo manja anga akadagwira, ndimusambitsa ndekha mpaka tsiku lomwe mmodzi wa ife adzabwere kumeneko. Ndipo Lufeyo akafika ndimuphikira, za tsiku lija sinditchula ngati iye satchula.

Tsono inu mumuuze, poti mawu anu okha ndi amene ankawaopa. Lufeyo akwere sitima ya ku Matlock Loweruka lisanafike. Dzina la msasa lili kumbuyo kwa envelopu. Abwere yekha, abwere ndi laisensi yake, nkhope ya "ndinanena ine" aisiye kwawo. Akhale pansi ndi mlamu wake monga nkhoswe, kenako ayendetse galimotoyi atichotse pano.

Ndine mwana wanu woyamba, wamakani uja, wokukondani mpaka lero,

Elube Nachisale