Imfa ya Mayi Restituta Kayombo, Amene Anaikidwa M'gulu la "Ena Otsala"

Kwa bambo Cornel Kayombo, ana awo Neema ndi Paschal, abale onse, ndi anthu a ku Mbamba Bay,

Ife a Umodzi wa Odwala Matenda Okhalitsa talandira ndi chisoni chachikulu, komanso ndi mkwiyo umene sitiubisa, uthenga wa imfa ya Mayi Restituta Kayombo, amene atisiya ali panjira yopita ku chipatala chachikulu, mphumu itawatsekereza mpweya.

Mayiwa ndi amene anayambitsa bungwe lathu. Anayenda ku Mbaha, Tingi ndi Mpepo kufunafuna odwala shuga, khunyu ndi mphumu amene ankabisala m'nyumba, ndipo ankamasulira Chiswahili kwa abale ochokera ku Malawi kuti asabwerere kwawo osamva mawu a dokotala.

Pamene bungwe lina lochokera kutali linabwera kudzamanga zahanati yatsopano, chipatala chaching'ono cha m'dera lathu, linati likufuna kumva maganizo a anthu. Linagawa anthuwo m'magulu: amayi oyembekezera paokha, asodzi paokha, achinyamata paokha. Akhungu, osamva, odwala matenda okhalitsa ndi osadziwa Chiswahili anawaunjika m'chipinda chimodzi, pakhomo atalembapo "wengineo", kutanthauza ena otsala. Womasulira munalibe, ndipo wofunsa mafunso anafika mochedwa, akuyang'ana wotchi.

Mayi Restituta anaimirira n'kupempha kuti aliyense amvedwe malinga ndi vuto lake. Atauzidwa kuti nthawi yatha, anati, "Bambo, wakhungu akufuna njira, ine ndikufuna mpweya. Mwatiphatikiza chifukwa chiyani?" Anayankhidwa kuti zonse zalembedwa.

Zahanatiyo inatsegulidwa ndi nyimbo ndi magule, koma munalibe chida chothandizira kupuma chimene mayiwa anapempha. Tsiku limene mphumu inawagwira, anamwino anachita zonse zimene akanatha, kenaka anawakweza pa njinga yamoto, mwamuna wawo atawagwirira kumbuyo.

Kwa amene anagawa maguluwo tikuti: musatitumizire nkhata za maluwa. Bwerani mudzakhale pansi ndi odwala, gulu lililonse palokha, ndipo mudzamve mpaka womaliza atalankhula.

Bambo Cornel, inu amene munawanyamula mpaka mpweya wawo womaliza, m'malo mwa mamembala onse tikupepesa kwambiri. Mulungu akulimbitseni mtima pamodzi ndi ana anu, ndipo mzimu wa mayi athu uuse mumtendere. Pa msonkhano wotsatira wa zaumoyo tidzabwera tonse, ndipo m'chipinda cha "ena otsala" sitidzalowamonso.

Polycarp Haule
Wapampando