Ndowa Imene a Mafuta Anagubuduza

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine ndilipo, mankhwala a khunyu ndikumwa osaphonya, ndiye musamandifunse zimenezo kalata iliyonse.

Nkhani ndi ya bambo wokonza makina osokera kushopu kwathu. Timawatcha a Mafuta chifukwa cha fungo la malaya awo. Anditopetsa, achemwali. Kawiri konse anandifunsira, kawiri konse ndinawakana. Kachiwiriko ndinawauza mosabisa kuti ndimagwa, ndipo mwamuna womaliza kundiona ndikugwa sanabwerenso.

Ndimayesa athawa. Athawe ndani! Mawa lake anatulukira ndi kabuku ka kuchipatala, namata masiponji m'makona a tebulo langa. Ndikangoyasamula, iwo maso pa wotchi, kukonzekera kuwerenga mphindi ndikagwa. Ndinawakalipira kuti ine ndine telala osati dzira, ndipo nesi ndili naye kale.

Lachitatu lapitali ndinagwadi, shopu itadzaza makasitomala. Zotsatirazi anandiuza ndi mnzanga wosita zovala. Akuti a Mafuta anandigoneka chammbali, jekete yawo kumutu kwanga, nakaniza mayi wina amene amafuna kundilowetsa supuni m'kamwa. Kenako anaona chimene ndimachiopa kuposa kugwako. Ndinali nditadzikodzera, koma anthu anali asanazindikire.

Akuti anadzuka ngati akukatenga mpando, nagubuduza dala ndowa ya madzi owazira zovala posita. Ine ndinanyowa yense, pansi ponse madzi okhaokha, ndi diresi la ukwati la kasitomala lomwe.

Nditatsitsimuka ndinapeza abwana akuwalalatira kuti ndi munthu wopanda maso, iwo ali zyoli, kumangopepesa. Posadziwa kanthu, nanenso ndinathirapo mawu anga, ndipo sanali okoma. Mnzangayo atandiuza zoona zake, ndinalira ndi manyazi, komanso ndi chinthu china chimene mukuchidziwa.

Ndinapita kukawathokoza. Anakanitsitsa, ati phazi linaterereka. Mpaka lero akukana! Munthu wabodza chonchi ndimutani? Ndinawauza kuti ayesenso kufunsa funso lawo lija. Ati ayi, safuna ndivomere chifukwa chothokoza. Mwamva mwanowo? Ndinapsa mtima mpaka ndinawafunsira ndine, pakhomo pa shopu, masana dzuwa likuswa mtengo. Ndinawauza kuti ndimawakonda, ndipo asandichititse kubwereza. Anavomera ndisanatseke pakamwa.

Tsono chonde, achemwali, amayi mukawauze ndinu. Ine ndikayamba, adzalira ndisanafike pakati. Muwauze asiye kudandaula kuti mwana wawo wodwala adzakalamba yekha. Munthu wandiona nditagona pansi, thovu kukamwa, ndipo m'mawa mwake anabweranso atapesa.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Mulungu akusungeni mpaka tidzaonane.

Ndine mng'ono wanu wovuta uja,
Telala