Amayi asakhale okha

Gulu: amayi asakhale okha
Alimo: Achemwali, Mzime, Amayi

LACHIWIRI

07:04 Achemwali: mzime wawerenga link ija?

07:31 Mzime: ndi yaitali sisi. ndathera pa chithunzi cha agogo akuseka ndi galu

07:32 Achemwali: akuti okalamba okhala okha sachedwa kutisiya. okhala ndi anthu ndi amene amakhalitsa. nde usamandinene kt ndinawachotsa amayi pakhomo pao

07:33 Achemwali: dokotala naye ananena tsiku lomwe anagwa kubafa lija. asamakhale okha

07:40 Mzime: sindinakane ine. ndangoti lamulungu ndinawapeza kwanuko atakhala pa sofa ngati akudikira basi

07:41 Achemwali: akupuma. agwira ntchito moyo wao onse

08:15 Amayi: 🎤 0:36 "Kodi chayamba kujambula? Chabwino. Iwe mzime, mlongo wakoyu wandibisira tsache. Mbale sandilola kutsuka, kuphika ayi. M'mawa onse amabalalika, iye ndi bambo wa kuno kuntchito, ana kusukulu, geti n'kutseka. Ndimatsala ine ndi firiji. Bola firijiyo imang'ung'udzako."

08:17 Mzime: kkkkk

08:20 Achemwali: usawalimbikitse. akawerama amachita chizungulire. tsache ndaliika pamwamba pa wadirobu dala

08:21 Mzime: sisi mwaiwala kt amayi ali mgulu muno?

08:21 Achemwali: sawerenga. magalasi anawataya, amangomvera ma voice

10:48 Mzime: btw azakhali anandiimbira. akufunsa ngati alamu ao akadali moyo

10:52 Achemwali: asayambe plz. anthu awiri amenewa chikwatirane amayi ndi adadi sanakhalepo pamodzi osakangana

10:53 Mzime: nkhani yake ndi ya tiyi yomwe ija?

10:54 Achemwali: yomweyo. akuti mchimwene wao anakwatira mkazi wopanga tiyi ngati madzi otsukira makapu

10:55 Mzime: nawonso ali okhatu. ana onse ali kutali, ma BP pills amangoiwala

10:56 Achemwali: ine mavuto anga andikwanira

11:30 Amayi: 🎤 0:11 "Mukalankhula nawo alamu anga muwauze kuti ndikadalipo. Diresi la pamaliro asasoketse kaye."

11:34 Mzime: sisi. amva bwanji za azakhali, poti tinalemba?

11:58 Achemwali: ndili mu meeting

LACHINAYI

12:50 Achemwali: 🎤 0:06 "Amayi mwadya? Chakudya ndasiya patebulo, ndavundikira."

13:25 Achemwali: 🎤 0:04 "Mankhwala a masana mwamwa?"

13:47 📞 Achemwali aimbira Amayi. Sanayankhe.

13:49 📞 Achemwali aimbira Amayi. Sanayankhe.

14:02 Achemwali: mzime amayi sakuyankha foni

14:20 Achemwali: mzime

14:31 Achemwali: ndapempha kwa abwana ndikupita kunyumba

15:06 Achemwali: mulibe

15:06 Achemwali: geti lokhoma bwinobwino, kiyi wa spare ali pansi pa mwala. chakudya sanakhudze

15:07 Achemwali: chikwama chao cha buluu palibe

15:09 Achemwali: pafupi ndi wadirobu pali mpando

15:09 Achemwali: AKWERA PAMPANDO MZIME

15:10 Achemwali: tsache palibe

15:24 Mzime: ndinali pansi pa galimoto ya customer, foni inali mu jekete

15:24 Mzime: kkkkkk

15:25 Mzime: sorry sisi sindikuseka

15:25 Achemwali: amayi asowa, iwe ukuseka

15:26 Mzime: munthu wothawa ndi tsache sasowa kopita. ndikuthamangira kunyumba kwao. khalani pansi mumwe madzi

15:58 Achemwali: wafika?

16:09 Achemwali: ?

16:14 Mzime: ndafika. mawindo onse otsegula, khonde losesedwa mpaka pamsewu, makatani ali pachingwe

16:14 Achemwali: ali bwino? sanagwe?

16:15 Mzime: ali bho. mawu ndinayamba kuwamva ndili pa kona

16:15 Achemwali: ali okha?

16:16 Mzime: ali okha

16:16 Achemwali: ndinadziwa. atenge ubwere nao pompano

16:17 Mzime: ali okha awiri

16:17 Achemwali: ukutanthauza chani

16:18 Mzime: azakhali ali muno. masutikesi, wailesi, ndi ketulo yao. atenga chipinda chomwe chinali chanu chija

16:18 Achemwali: azakhali ake ati

16:19 Mzime: tili ndi angati sisi

16:27 Amayi: 🎤 0:52 "Mwanawe, usamukalipire mzime, sakudziwa kanthu. Magalasi ndinawapeza kalekale m'thumba la juzi, ndimawerenga zonse zimene mumandinena. Za dokotala uja, iwe unamva theka chifukwa unali kulira. Anati asamakhale okha, koma zinthu azichita okha. Okha awiriwo ndi osiyana. Iwe unatola woyambayo, wachiwiri n'kumusiya kuchipatala. Ndiye ine ndawaimbira alamu, ndati inu mukufota kwanuko, ine ndikufota kuno, bwerani tizifotera pamodzi." Mawu ena chapatali: "Wanama, anachita kundichonderera." "Khalani chete alamu, ndikujambula."

16:30 Mzime: zoona sisi, ndinalipo. anati aziyenda, aziphika, azisesa pang'ono. ndinkaopa kukuuzani

16:41 Achemwali: nde azakhali ndi amene angawasamale? munthu woiwala mankhwala ake omwe?

16:43 Mzime: panopa amayi awaimirira pamutu mpaka ameza. akuti simufera m'nyumba mwanga inu, anthu angati ndi tiyi wanga

16:44 Mzime: azakhali nao awaletsa kukhoma chitseko cha bafa. akuti mukagwanso ndikufuna ndione ndi maso anga

16:44 Mzime: sisi amayi adya mbale ziwiri. ndaona ndekha

17:05 Achemwali: amayi ndikudziwa kt mukuwerenga nde ndilemba

17:08 Achemwali: adadi anagwa m'nyumba momwemo inu muli kumsika. panalibe munthu. foni ija ndinalandira ndine. sindikufuna kudzalandiranso ina ngati imeneyo

17:09 Achemwali: sikuti ndimafuna kukumangani. ndikuopa basi

17:31 Mzime: awerenga. atuluka panja kaye

17:50 Amayi: 🎤 1:14 "Mwana wanga woyamba. Ndamva. Ukuganiza kuti ine sindiopa? Pamene anagwera bambo ako ndimapadutsa tsiku lililonse. Kwanuko munandisunga bwino, bedi labwino, sopo wonunkhira, sindikudandaula. Koma tsiku lonse palibe wondiyankha, palibe wondipsetsa mtima, palibe chondidzutsira m'mawa. Ndinayamba kuiwala kuti lero ndi lachingati. Kuno ndikatsokomola pali wonena kuti ndikutsokomola molakwika. Ndiye mtima ukhale m'malo. Ine sindingafe alamu ali moyo, angamauze anthu kuti anandipambana." Mawu ena, pafupi tsopano: "Ndipatseni kuno. Iwe mwana wa achimwene, ukundimva? Nanenso sindipita kulikonse mayi akowa asanaphunzire kupanga tiyi. Mmene ndauonera lerowu, tidakali ndi zaka zambiri."

17:53 Mzime: kkkk ndafa ine

17:54 Mzime: mawa ndibwera ndi drill ndiike chogwirira kubafa ndi mphasa ya rabara. kunonso mpando wokwerapo ndaubisa

18:20 Mzime: sisi?

18:47 Mzime: mwakwiya?

LACHISANU

06:40 Amayi: 🎤 0:09 "Tadzuka tonse awiri. Ndayamba ndine, alamu anama akanena zina."

06:58 Mzime: good morning ma champion

07:45 Mzime: sisi mwaona, blue tick ikuoneka

09:12 Achemwali: amayi mankhwala anu a madzulo munawasiya pamwamba pa firiji

09:13 Achemwali: firijiyo ikukusowani

09:13 Mzime: kkkk sisi abwerera

09:15 Achemwali: ndibwera nawo lero ndikaweruka. ndigula timabokosi ta mapilisi ta masiku a sabata, tiwiri. kena ka azakhali

09:22 Amayi: ukubwela kuzanditenga

09:22 Mzime: eee amayi alemba okha

09:31 Achemwali: ayi amayi. kudzacheza

09:32 Achemwali: kma foni muziyankha. mukapanda kuyankha ndiziimbira azakhali, nde mukudziwa zomwe azinena

09:36 Amayi: ndiziyankha

09:37 Amayi: tsache sindibweza

09:38 Achemwali: khalani nalo

09:44 Amayi: 🎤 0:13 "Ubwere ndi mayunifolomu a ana aja, mabatani akulendewera, ndinkangowayang'ana mtima ukuwawa." Chapatali: "Ndi masamba a tiyi enieni." "Alamu, mwayamba."

09:51 Achemwali asintha dzina la gulu kukhala: asiyeni okha